Anandiluka Mbali Imodzi

Fungo la fodya wouma limanditsekabe pakhosi. Dzulo ndinalimva pa lole ina pa Bolero, ndipo ndinakumbuka chigafa chathu ku Nkhamanga, momwe amama ankawamangirira mwendo kunsanamira mutu ukawasokonekera.

Ndinali mu sitandade 3. Masana ena ndinawapititsira madzi. Ndinapeza ankhazi, mlongo wa adada, ali pomwepo ndi amayi akutchalitchi, akukambirana zowabweza amama kwawo.

"Yankhulani momasuka," anatero ankhazi. "Awa sadziwa n'komwe kuti akudwala."

Amama anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kundiluka tsitsi ndi zala zawo zozizira.

"Ndimadziwa, mwana wanga," anandinong'oneza. "Chikamabwera ndimachimva, chimayambira kunkhongo kuno. Khala bata, ndikuluke ndisanakuiwale."

"Auzeni, amama."

"Ndawauza kangati? Amati misala yake ndi yomweyo."

Anali atangomaliza mbali imodzi pomwe ankhazi anatembenuka n'kukuwa, "Musiyeni mwanayo, mumupweteka!"

Anandigwira padzanja n'kundikokera panja. Amama sanalimbane nawo. Anangokweza chipeso m'mwamba kuti wina achilandire akandimalize, koma amayi onse aja anabwerera m'mbuyo.