Chaka Chimene Amalume Anasenda Nafe Nshawa

Kanali kambale kopyapyala, kotuwa, konyezimira ngati msana wa nsomba. Amalume anabwera nako atakakulunga m'kansalu, kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda, nyengo yokumba nshawa. Ine ndinali giredi faifi. Iwo anali atatha zaka zambiri kunja akuphunzitsa pa yunivesite. Anthu ankawatcha apulofesa, koma palibe amene ankadziwa ntchito yawo yeniyeni.

Ine anandiuza. Tinali pansi pa mtengo wa mango, manja ali psuu ndi dothi la kumunda. "Aka ndi silikoni, amachokera ku mchenga," anatero. "Pakokha sikalola magetsi kudutsa bwino. Ine ndimafufuza tizinthu tothiramo pang'ono chabe, kuti magetsi azidutsa pamene tikufuna. Wailesi yanu imalankhula chifukwa cha zimenezo."

M'mawa mwake ndinatapa mchenga kumtsinje, n'kuuthira mumphika wa amayi. Ndinasonkhezera moto mpaka mphika unasweka. Amalume anaseka mpaka misozi. Amayi anangotola mapalewo. Lero ndimaphunzitsa phunziro lomweli la sayansi, ndipo ndikudziwa kuti moto wa nkhuni sukanakwanitsa. Komabe fungo la mchenga wotentha sindinaliiwale.

Masana tinkasenda nshawa pakhonde, amalume akundifunsa masamu. Tsiku lina anandipatsa samu yovuta, ine kakasi. Amayi, osadzutsa n'komwe mutu, anatchula yankho. Linali lolondola. Amalume anasiya kusenda, ndipo tsikulo sanandifunsenso kanthu.

Atatsala pang'ono kubwerera, ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwada pansi, buluku lawo labwino lili m'fumbi. Amayi anali chiimire, lichero m'manja.

"Alongo, malo aja anali anu," anatero amalume.

"Dzukani, anthu angakuoneni," anayankha amayi. "Zanga zinapita. Koma mtsikana wangayu asadzasiye sukulu inu mulipo."

Ndinathamanga kukauza anzanga kuti akuluakulu akukanganirana malo a m'basi ya ku Chipata. Sindinkadziwa kuti amayi ndi amalume anakhoza mayeso a giredi seveni chaka chimodzi, amayi ndiwo anali patsogolo, ndipo agogo anasankha mwana wamwamuna kuti apitirize. Chimene chinkandizunguza mutu pa nthawiyo chinali chimodzi: munthu wamkulu chotere, wokwera ndege, ankagwadiranji amayi anga, amene sanapitepo ngakhale ku Lusaka.