Amalume ndi "mvula" ya ku Kaloi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza amalume anga a Jailosi ku chipatala chachikulu ku Harare. Tinakwera kombi ku Karoi, ine, iwo ndi akazi awo aNabanda.

Amalumewa anakalambira m'shedi yosankhira fodya pa pulazi, famu yaikulu. Zala zimene zinkasiyanitsa tsamba ndi tsamba lero zikukanika kumanga batani la malaya. Madokotala akuti ndi matenda a mitsempha yoyendetsa minofu. Amafoola manja, miyendo, kenako lilime ndi kummero. Mankhwala ochiza palibe. Zimenezo tinauzidwa kale, ndipo tinalira kale.

Koma nkhawa ya amalume ili pena. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga Esinati, ndipo ankhoswe ndi iwowo. Kodi munaonapo nkhoswe yongogwedeza mutu? Iwo akufuna mawu awo akafike tsiku limenelo.

Titalowa m'chipinda tinapeza anthu ali mbwee. Panali dokotala wamkulu, mayi woona za kayankhulidwe ndi kamezedwe, mnyamata wolimbitsa ziwalo, wina wa zakudya, ndi namwino. Amalume anaima pakhomo n'kunditsina.

"Iwe, kodi ndatha? Kwathu anthu akakuzungulira chonchi ndiye kuti ayamba kufunsana za bokosi."

Dokotala wamkulu atamasuliridwa anaseka mpaka kuvula magalasi. Anafotokoza kuti akuphunzitsa madokotala achinyamata a za ubongo ndi mitsempha kuti matenda awa asamalimbane nawo okha. Tsikulo wophunzira anali mtsikana wina wa ulemu wake, ndipo ndiye anayamba kupima.

Anawayeza manja, anawayeza mawondo, n'kufika pa lilime. Anayankhula Chishona, monga timachitira tonse tikakhala m'tauni, n'kuwauza kuti azibwereza mawu amene iye akunena.

"Sekuru, itii: mvura."

"Mvula."

"Rurimi."

"Lulimi."

"Karoi."

"Kaloi."

Mtsikana uja nkhope inagwa. Anatembenukira kwa mphunzitsi wake n'kunena motsitsa mawu kuti lilime lafooka kwambiri, silikuthanso kutchula "r". Ndiye ndinangomva aNabanda kumbuyo kwanga akuphulika chiseko.

"Mwanangu, awa anandifunsira mbeta akunena Kaloi. Pamenepo musawadandaule. Ndi Achewa awa!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, mtsikanayo yemwe, atagwira pakamwa. Amalume anadzikonza kolala ngati apambana mlandu.

Inu anzanga a m'makomboni a ku Concession ndi ku Guruve, ndani wa ife sanasekedwepo chifukwa cha "mvula"? Koma sindinaganizepo kuti tsiku lina Uchewa wathu udzalembedwa ngati matenda.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti dokotala wamkulu sanamukalipire. Anangomufunsa kuti, "Ndiye m'chipinda muno ndani angakuthandize?" Mtsikanayo anayang'ana mayi wa za kayankhulidwe uja. Mayiyo anakokera mpando pafupi ndi aNabanda, n'kuwafunsa kuti m'chinenero chawo chomwe, ndi mawu ati amene asintha.

Chiseko chinatha. ANabanda anati mawu ngati "khasu" ndi "nkhuku" ayamba kutulukira m'mphuno, ndipo dzuwa likapendeka mawu onse amalemera. Anatinso tiyi amawatsamwa. Ine, amene ndimadzitcha mwana wokondedwa wa amalume, za tiyizo ndinazimvera pomwepo.

Taganizani. "Nkhuku", "nkhoswe", "chinkhoswe". Matendawa asankha mawu omwewo amene munthu akuwafuna pa tsiku lopatsana tambala ndi msoti. Zinandiwawa kwambiri.

Kuchokera apo aliyense anaponyapo lake. Wa zakudya anati tiyi azikhuthala pang'ono ngati phala la madzimadzi, ndipo azimwa atakhala tsonga. Wolimbitsa ziwalo anaonetsa mmene tingawadzutsire pampando osawakoka mkono. Mayi uja anati chinkhoswe chichitike m'mawa mawu asanatope, amalume akayankhule atakhala pansi, ndipo mawu akhale ochepa. Anawonjeza kuti tijambuliretu mawu awo pa foni panopa, akadamveka bwino. Mtsikana wathu ankangofunsa uyu, kufunsa uyo, osachita manyazi.

Akulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwambiwu timaukonda pa misonkhano. Nanga kunyumba kwa wodwala?

Ife timabwera Lamlungu titatchena, tanyamula kabotolo ka chakumwa. Timakhala pakhonde, kupukusa mitu, kunena "pepani, pepani", kenako n'kufunsa ngati kombi yomaliza yadutsa. Wosambitsa ndi mmodzi. Wodyetsa ndi yemweyo. Womasulira mawu akalemera ndi yemweyonso. Ngati dokotala amene wawerenga mabuku zaka zonsezo akuphunzitsidwa kuti payekha sangathe, aNabanda ndi ndani kuti athe okha?

Titafika kunyumba tinagawana ntchito. Ine ndatenga za maulendo a kuchipatala. Esinati akuphunzira kuphika zofewa, zomwe zimuthandizanso ku banja, poti mpunga wake umachita kufuna nyundo. Achimwene athu akhoma chogwirira pakhomo la bafa, chokhota pang'ono, koma chikugwira.

Dzulo m'mawa ndinapita ndi foni. Amalume anavala jekete, ati nkhoswe siyankhula ili ndi malaya okha. Anakhala tsonga n'kuyamba malangizo awo kwa Esinati ndi mnyamata wake. Pa "nkhuku" anapunthwa, anabwereza, mpaka inatuluka. ANabanda anatuluka panja, ati akukaona mbuzi. Mbuzi alibe.

Nditawaseweretsa zimene tinajambulazo anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali.

"Mkuluyu akuyankhula zanzeru," anatero. "Koma umusunge kaye m'thumbamo. Mwini wake ndikadalipo."