Nyimbo imene ndinatola m'munda wa tiyi

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndinali nditalawa kapena dzuwa linandiwotcha mutu, koma ndikukuuzani monga bambo wa ana amene Lamulungu lililonse amakhala m'tchalitchi, kuti izi zinandichitikira ndithu, masanasana, anthu ali piringupiringu, ndipo palibe chimene ndingapindule pokunamizani. Mayina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwa akadali moyo.

Ine ndine woimba, ndimapeka ndekha nyimbo, ndipo zaka zimenezo ndinkayenda ndi kabandi kanga ka anthu anayi, lero kuholo ku Luchenza, mawa kuukwati ku Limbe, zida titazipanikiza m'minibasi yahayala. Ndinakulira kumalaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kuno, kumene amayi anga anatchola tiyi mpaka msana unawakana. Chilomwe ndimangomva moni ndi zotukwana basi, monga ambiri amsinkhu wanga, ndipo umbuli umenewu ndi umene unandigwetsera m'mavuto.

M'mawa wina wa chiperoni, popita kukaona amayi, ndinadzera njira yachidule ya m'munda umene umatsetserekera kudamu. Nkhungu inali yoti sungaone mzere wachitatu wa tiyi, koma ndinamva munthu akuimba Chilomwe chapansipansi. Anali amayi ena achikulire, anzawo a amayi anga, dengu lili kumsana, manja akutchola, maso ali kumadzi. Nyimbo zabwino ndazimva, abale, koma iyi inandiimitsa tsitsi. Kodi ndinawapatsa moni? Ayi. Ndinatulutsa foni n'kujambula mwakachetechete, ndipo kapitawo atakuwa chakumtunda ine ndinazemba.

Mawuwo ndinawaloweza osadziwa tanthauzo lake, n'kuwasandutsa kolasi, n'kuikapo gitala yothamanga yoti munthu avine. Woimba ng'oma wathu, bambo wa kwa Kapichi amene Chilomwe anachita kuyamwa, anandifunsa kumene ndinaitenga, chifukwa akuti mawuwo ankamveka ngati mayi akuitana mwana wake kuti atuluke m'madzi abwere kunyumba. Ndinamuyankha kuti ndinailota.

Mwezi wa Okutobala tinaitanidwa kuchikondwerero cha nyimbo cha kunyanja, chimodzi mwa zija zimachitikira pamchenga, ndipo kwa ife unali mwayi umene tinkaulota. Poti tinali osatchuka anatipatsa 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Siteji inayang'ana kumadzi, ndiye kuti ovina onse anafulatira nyanja, ife oimba ndi amene tinkaiona. Nyimbo zoyamba palibe anatilabadira, anthu ankangodya tchipisi pansi pa maambulera, koma nditayamba yatsopano ija anadzuka, ngakhale azungu amene, ndipo nditawaphunzitsa kolasi khamu lonse linayamba kundibwezera mawu aja mokuwa.

Ndi pamene ndinamuona. Kuseri kwa anthu osambira, kumene madzi ndi akuya, kunatulukira mutu wa mtsikana, kenako mapewa, ndipo sankasambira ayi, ankayenda. Madzi atamufika m'chiuno ndinaona kuti wamanga pulasitiki ija otchola tiyi amamanga poopa mame. Tandiuzani, ndani amapita kunyanja atavala zimenezo? Tikaimba kolasi ankasendera, tikalowa ndime zanga za Chichewa ankaima. Anthu ankamupatukira okha osamuyang'ana n'komwe, mpaka anafika pansi pa masipika, madzi akuyenderera, milomo ikunjenjemera ndi kuzizidwa padzuwa lonse lija. Maso ake sanali aukali, ndipo chimenecho ndi chimene chinandiopsa kwambiri, anali maso a munthu amene waitanidwa kuchokera kutali ndipo akudikira kuuzidwa chimene amuitanira.

Kumbuyo kwanga ng'oma zinasiya. Nane mawu anandithera, anthu n'kuyamba kuimba malikhweru poganiza kuti magetsi athima. Nditayang'ananso pansi panalibe munthu, koma fungo la matope a damu ndi masamba a tiyi linali ponseponse, ndipo pamchenga woyera uja panali mapazi a katondo wofiira, wa kwathu kuno, kuchokera kumadzi mpaka pamasitepe a siteji. Wang'oma uja anamanga zida zake n'kukakwera basi payekha, atangondiuza kuti sadzaimbanso nane mpaka nditabweza chimene ndinatenga. Sindinamufunse chimene anaona, ndipo mpaka lero sitinakambiranepo.

Nditabwerera kunyumba kwanga ku Bvumbwe ndinadziuza kuti zatsala kunyanja. M'mawa wake mkazi wanga posesa anapeza pakhonde pali ponyowa, mvula isanagwe n'komwe chaka chimenecho, ndipo anadandaula za agalu a aneba. Tsiku lachiwiri pananyowa m'kati, kuseri kwa chitseko chokhoma. Lachitatu chinyonthocho, ndi timatope tofiira, chinali pambali pa bedi, mbali imene tinkagoneka mwana wathu wa miyezi inayi. Mkazi wanga sanakuwe, anangobereka mwana n'kunyamula chikwama, n'kunena kuti ndikamupeza kwawo kwa Khwethemule ndikadzatha kumuuza zoona.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa amayi anga n'kuwamvetsera zimene ndinajambula zija. Sanadikire kuti zithe, anandilanda foni n'kuivundikira pamphasa. Anandiuza kuti amayi a m'munda aja anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana amene anali atangoyamba kumene ntchito yotchola, ndipo tsiku lina akusamba m'miyendo poweruka anaterereka n'kugwera m'damu muja, mtembo n'kupezeka patapita masiku atatu. Ine nthawi imeneyo ndinali kusukulu ku Blantyre. Amayi anga anavala mpango n'kundilamula kuti nditsogole.

Eni nyimbo aja tinawapeza akuchokera kusikelo koyezetsa tiyi. Ndinagwada pabwalo pawo n'kuulula zonse, za foni, za gitala, za kunyanja, za m'nyumba mwanga, iwo akumasula pulasitiki ya m'chiuno pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, koma anangondifunsa motsitsa mawu.

"Mwanawe, ndiye munamuitana. Nanga munamubweza?"

Anandifotokozera kuti nyimboyo anaipeka okha ndipo ili ndi mbali ziwiri, yoyamba yomuitana mwanayo kuti amuoneko pang'ono, yachiwiri yomuuza kuti amayi ako ndakuona, bwerera ukagone, kuno si kwanu tsopano. Akuti chiyambire sanaimbepo yoyamba osamaliza ndi yachiwiri, ngakhale kapitawo akalipe bwanji, ndipo ine ndinachoka asanafike pamenepo. Kenako ananena mawu amene amandipwetekabe.

"Masiku onsewa ndikuimba, sakubwera. Ndimadabwa kuti mwana wanga wapita kuti."

M'mawa wotsatira tinatsetsereka atatu kudamu, ntchito isanayambe. Eni nyimbowo ankatchula mawu, ine n'kumabwereza, lilime likupindika, iwo n'kumandikonza moleza mtima ngati mwana wa sitandade 1, mpaka ndinaimba mbali yachiwiri yonse ndekha osalakwitsa. Sindikunamizani kuti madzi anawinduka kapena tinaona chinthu, ayi, damu linali zii. Koma amayiwo anapumira m'mwamba, n'kutola dengu lawo, n'kundiuza kuti ndizipita. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwanga munauma, ndipo mkazi wanga anabwerera patapita milungu iwiri, nditamuuza zonse pamaso pa amalume ake.

Mukanati zathera pomwepo, koma ayi. Anthu a kunyanja kuja anajambula nyimboyo m'mafoni, ndipo mmene ine ndinkaimba kudamu inali itafalikira kale, oika nyimbo m'mamemori khadi akuigawa pamsika. Ine sindinaiimbenso pasiteji iliyonse, ngakhale anthu akuwe chotani, koma ndingailetse bwanji m'mafoni a anthu? Amayi eni nyimbo aja anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndiye kuti amene tikudziwa mbali yachiwiri ndatsala ndekha. Ndikaimva m'minibasi kapena pometera tsitsi, ndimaweramitsa mutu n'kuimaliza chapansipansi, makondakitala n'kumaganiza kuti ndikupemphera. Nanga kumene ikulira ine kulibe, akumubweza ndani?

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti si nyimbo iliyonse imene ili yovina, zina ndi maliro a munthu amene sanathe, ndipo mwini wake yekha ndi amene amadziwa poyambira ndi pothera. Inu oimba anzanga amene mumayenda ndi foni m'midzi kutola zimene achikulire akuimba, patsani moni kaye, khalani pansi, funsani tanthauzo, ndipo mumve mpaka kumapeto. Ndipo inu nonse, mukamva nyimbo ya gitala yothamanga yokhala ndi kolasi ya Chilomwe chopindikapindika, mawu ake ngati anga, ndikukupemphani, zimitsani. Ngati simungathe kuzimitsa, chonde musayankhire kolasiyo.