Paisoni ndi Chitseko Chopanda Nyumba

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za Paisoni, msodzi wa kwa Nyachikadza ku Nsanje.

Chaka china Shire atasefukira, Paisoni adapulumuka atagona chafufumimba pa chitseko cha nyumba yake, akupalasa ndi manja. Nyumba, maukonde ndi mbuzi zidapita ku Mozambiki popanda chiphaso. Mkazi wake Dorika ndi ana anali atathawa kale pa bwato la mnansi. Iye adatsalira, ati madziwo amawadziwa.

Othawa madzi adasungidwa pa sukulu ina kumtunda, koma itatsegulidwa adauzidwa kuti ana akufuna makalasi awo. Banjalo lidalowera ku Bangula kwa mlongo wake wa Dorika, yemwe nyumba yake inali ya chipinda chimodzi.

"Achemwali ndi ana alowe," adatero mlamuyo. "Koma inu alamu ndi chitseko chanucho, pepani."

Paisoni adayamba kugona pakhonde la golosale, chitseko atachitsamiritsa kukhoma. Anyamata a kabaza ankabwera kudzagogoda. "Odi kuno! Eni nyumba alipo?"

"Lowani," ankayankha. "Pabalaza mpotakata, mpaka kumsewu uko."

Anthu ankafa nacho chiseko, naye ankaseka. Koma tsiku lina mwana wake Juliana adadutsa ndi anzake n'kuyang'ana kumbali. Tsiku limenelo Paisoni chakudya sichidalowe. Adakauza Dorika kuti akubwerera kudambo kukamanga nyumba ina ya dothi.

"Bambo a Juliana, Shire wadya kale nyumba zanu kangapo," adatero Dorika. "Mukufuna mukam'phikirenso ina? Ine ana sindipita nawo."

Mawuwo adamulasa. Adayamba ganyu yosenzera amalonda madengu a milamba yowamba, iwo n'kumam'patsa nsomba. Chitseko chija adachigoneka pa njerwa, chidasanduka benchi yogulitsirapo.

Atamva kuti mudzi wina wakumtunda ukugawa malo kwa othawa madzi, adayenda m'makonde ndi pansi pa mitengo kusonkhanitsa anzake osowa pogona. Ena nyumba zidapita ndi madzi, ena adathamangitsidwa ndi eni nyumba ntchito ya kunzimbe itatha. Mayi Esinala, amasiye, adalandidwa yawo ndi abale a malemu amuna awo. Atapatsidwa malowo, onse adagwirizana kuumba njerwa pamodzi ndi kumangirana, nyumba imodzi ikatha, ina iyambe.

Koma msodzi si mmisiri. Njerwa zoyamba za Paisoni zidatuluka zopindika ngati nsomba yowamba. Khoma loyamba lidagwa mbuzi itangodzikandapo, mbuziyo n'kuchoka osatembenuka. Ena adafuna kusiya.

"Mbuzi yatiyeza, talephera," adatero Paisoni. "Bola mbuzi kusiyana ndi Shire. Tiyambirenso."

Adakapempha Francisco, mmisiri wa m'mudzimo, kuti awaphunzitse, iwo n'kumamulimira m'munda. Adaphunzira kukweza maziko kufika m'chiuno ndi kutalikitsa denga kuti mvula isanyambite khoma. Nyumba yoyamba idali ya Mayi Esinala, amene adangothokoza m'chinenero chawo kuti "Takhuta, takhuta," misozi ili mbwembwembwe. Ya Paisoni idali yomaliza, ndipo Dorika ndi ana adasamukiramo mvula isanagwe.

Dzinja limenelo kudagwanso chimvula. Madzi adathamanga m'mudzimo, adanunkhiza maziko, n'kupitirira. Paisoni adaima pakhonde manja m'chiuno, n'kuwakuwira: "Muyende bwino! Mukapereke moni kumalire ku Marka!"

Lero amaphabe nsomba kudambo, koma kwawo ndi kumtunda, ndipo gulu lawo likumangirabe ena.

Abale, munthu wogona pakhonde si waulesi nthawi zonse. Mawa mukhoza kukhala inu. Muli ndi malo, gawirani mnzanu. Muli ndi luso, phunzitsani. Ndipo inu amene khoma lanu lagwa lero, kaya ndi madzi kaya ndi mbuzi, tolani chikombole muumbenso. Mtima wokha musautaye.