Ba Festus Sapatuka

Ku Mpanshya aliyense amawadziwa Ba Festus. Maso awo anazima ndi chikuku ali mwana, koma musayerekeze kuwamvera chisoni, chifukwa akakumvani mukuusa moyo amakufunsani ngati kwanu kwagwa maliro. Amaluka mitanga ya nsungwi, ndipo m'mawa uliwonse amaimanga kumsana n'kutsika kanjira kochoka kumudzi kwawo, kukaigulitsa pafupi ndi chipatala cha mishoni kwa anthu odikirira odwala.

Kanjirako ankakayenda ndi makutu. Njinga ya katekisiti ankaidziwa ndi tcheni chake cholira ngati nkhanga. Ngolo ya ng'ombe ankaimva isanatulukire n'komwe, nanga njinga yamoto imabisala? Akamva chikubwera ankapatuka mwaulemu, n'kupereka moni wotchula dzina, wodutsayo n'kutsala kukamwa yasa.

Kenaka kunabwera njinga zamagetsi. Anyamata anazitenga ku kampani ina ya ku Lusaka kuti azinyamulira matimati ndi makala kupita kumsewu waukulu. Zinabwera ndi malamulo ake: kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu, kuliza belu, kuvala chipewa cholimba. Koma anyamata mukuwadziwa. Chipewa chinasanduka chosungiramo mazira, belu analichotsa ati limasokosa m'mabampu, ndipo kawaya koletsa njinga kuthamanga kwambiri anakadula sabata yoyamba yomweyo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina Jordan, mwana wa mlongo weniweni wa Ba Festus, anatsetsereka pa njinga yake ndi makreti a matimati. Ba Festus sanamve kanthu, kamphepo kokha kumbuyo, basi anapezeka ali m'udzu, mkono utathyoka, mitanga ili mbwee. Chinawapweteka koposa sichinali mkonowo ayi. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anadzimva kuti ndi wakhungu, ndipo anakwiya mpaka kulephera kudya.

Akomiti ya mudzi anakhala pansi. Anabwereza malamulo a liwiro ndi belu, amene aliyense ankawadziwa kale, kenaka anawonjezerapo lawo lanzeru: osaona ndi okalamba asamayendenso okha m'njira imeneyo. Taonani chilungamo chake! Mbuzi yadya chimanga, chingwe akumangira chimangacho.

Fridah, mwana wawo wamkazi, anagwirizana nawo akomitiwo, pakuti ankaopa kudzaitanidwa kukatola mtembo.

"Ba tate, nkhalani chabe pa nyumba," anawachonderera. "Mitanga nizayamba kupeleka ine. Vinjinga ivi vizamupayani."

"Iwe Fridah, njila iyi nayenda ukalibe kubadwa," anayankha Ba Festus. "Manje nileke chifukwa cha njinga yosakamba? Nikankhala pansi apa, ninshi mwanishika kale m'manda."

Lolemba lotsatira anadzuka mkono uli m'pulasitala. Anasankha nsungwi yaitali pa zimene amang'amba zolukira, n'kuimanga chopingasa pamwamba pa mitanga kumsana kwawo. Fridah anaima pakhomo, misozi ili m'maso, koma sanawagwire.

Potsetsereka paja njira ndi yopapatiza: uku chigwembe chokumbika ndi madzi a mvula, uku mpanda waminga wa dimba. Nsungwi ija inatseka njira yonse, ndipo Ba Festus sanayendenso m'mbali monga kale. Anayenda pakati penipeni, pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi. Tisanamizane, ankachita mantha. Msana wawo wonse unali kudikira chinthu chimene makutu sakanawachenjeza nacho, ndipo thukuta linali kutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira.

Mwadzidzidzi mabuleki analira kumbuyo, matayala akukhukhuluzika pamiyala. Kenaka enanso, ndi enanso.

"Imwe ba mudala, patukani! Matimati yazachedwa!" anakuwa mnyamata wina.

"Nindani uyo?" anafunsa Ba Festus osatembenuka. "Ine sininamvele njinga iliyonse. Kapena ni mizimu."

Anapitiriza ulendo wawo, mzere wa njinga zodula uli pambuyo pawo ngati anthu operekeza mkwati. Azimayi a m'madimba anasiya makasu n'kuyamba kuseka. Anyamata anang'ung'udza, ena anatukwana chapansipansi, koma panalibe wolimba mtima wokankha munthu wosaona wa mkono m'pulasitala anthu akuyang'ana.

Pomaliza mmodzi anatsika pa njinga n'kuyandikira wapansi. Mapazi akewo Ba Festus anawadziwa msanga.

"Ba malume, ndine Jordan," anatero. "Nipempako njila."

Ba Festus anaima. Chichitikireni ngozi, mnyamatayu anali asanabwere n'komwe kudzawaona, ndipo mawu onse owawa amene anamusungira anali pa lilime. Anawameza.

"Kanshi uli na pakamwa," anatero. "Njinga yako ilibe, koma iwe uli napo. Ukafika kumbuyo kwanga uzikamba, olo uzilizako belu. Nizapatuka monga kale. Ukabwela zii, uzanipeza pakati."

Anatembenuka cham'mbali pang'onopang'ono, nsungwi n'kutsegula njira. Jordan anadutsa akukankha njinga yake. Wachiwiri atafuna kulowerera, nsungwi inabwerera pamalo pake.

"Dzina," anatero Ba Festus.

Aliyense anatchula dzina lake, mmodzimmodzi, ngati ana a sukulu. Womaliza atadutsa, Ba Festus anapukuta thukuta, nakonza katundu kumsana. Anatsika mpaka kuchipatala, ndipo anafika okha.