Zimene Anandibisira Ndili ku Nairobi

Maganizo opita ku Kenya sanayambe ndi ine. Anabwera ndi azakhali anga a Jenifa, mlongo wawo wa abambo, chaka chimene tinamanga chiliza cha agogo kwathu ku Ntcheu. Nthawi imeneyo n'kuti ndikugulitsa mankhwala m'kasitolo kena pa boma, nditalephera kawiri konse kusankhidwa kusukulu ya unamwino. Azakhaliwo ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu ku Nairobi. Anandipeza ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, n'kukhala pa mtondo wovundikira ngati si munthu wa m'tauni.

"Tadala, kodi za chipatala zija unataya nazo mtima?" anandifunsa. "Ku Nairobi kuli timakoleji tophunzitsa anthu ogwira ntchito mu ambulansi. Amawatcha maparamediki. Safuna mapointi ngati kuno. Uzikandithandiza ana m'mawa, masana uzikapita kukalasi. Fizi ndizikalipira ine."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Amayi anadandaula kuti n'kutali, koma sanandiletse. Abambo, omwe anali kalipentala, munthu wosalankhulalankhula, anangonyamula chikwama changa paphewa tsiku lonyamuka mpaka kukandikweza basi. Anali ndi mphamvu abambo. Ankasenza chitseko chathunthu okha kuchoka kumudzi mpaka kumsika.

Ndinadutsa pa Songwe, n'kudula dziko lonse la Tanzania miyendo itatupa, kukalowa mu Kenya pa Namanga. Nairobi ndinaipeza ikuzizira kuposa Dedza. Azakhali ankakhala ku Lavington, kudera la mitengo yambiri ndi mipanda yaitali, komwe munthu woyenda pansi amaoneka kuti ndi wantchito. Anandipatsa kachipinda kakuseri, koyandikana ndi pochapira zovala. M'mawa ndinkasambitsa ana, kuwaveka, kuwakweza galimoto ya sukulu, ndiyeno n'kuthamangira matatu, maminibasi a kumeneko oimba nyimbo zogonthetsa m'kutu. Mawu oyamba a Chiswahili amene ndinawadziwa anali akuti "shukisha", pouza kondakitala kuti nditsike. Tsiku loyamba ndinachita manyazi kuwanena, mpaka anandipitiriza kutali.

Koleji yathu inali pamwamba pa nyumba yosanja, pansi pake pali masitolo a matayala. M'kalasi ndinali ndekha wochokera kunja. Anzanga akayamba kuseka m'Chiswahili chawo chothamanga ndinkangomwetulira osadziwa ngati akuseka ine. Mphunzitsi wathu wamkulu, a Mwangi, anagwirapo ntchito mu ambulansi zaka zambiri, ndipo sankanyengerera munthu. Anatiphunzitsa kuletsa magazi, kumanga khosi la munthu wa ngozi, kupeza mtsempha woika dilipi galimoto ikuyenda, kunyamula machira potsika masitepe osapendeketsa wodwala. Ukalakwitsa ankakubwezera poyambira anthu onse akuonerera.

"Malawi, manja ako akunjenjemera," ankandiuza m'Chingerezi. Dzina langa sanalitchulepo, ndinali Malawi basi. "Wodwala akaona manja otero amafa ndi mantha usanamukhudze."

Chaka choyamba chisanathe, bungwe la azakhali linawasamutsira kudziko lina. Anandisiya atandilipirira fizi, koma pogona ndi chakudya zinali za ine ndekha. Amene ananditola ndi Wanjiru, mtsikana wa m'kalasi mwathu wa mawu aakulu, yemwe ankachita lendi chipinda ku Buruburu. Tinkagona pa matilesi amodzi, wina mutu uku wina uko. Ndiyenso anandipezera ganyu ku Runda, kwa anthu olemera, yosamalira mayi wina wokalamba wosayenda. Loweruka ndi Lamulungu ndinkamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda. Ankalipira bwino moti ndinayamba kutumizako kangachepe kumudzi pa foni.

Lero anthu akamandifunsa kuti ku Nairobi kunali bwanji, ndimati kunali bwino, chifukwa ndi zimene amafuna kumva. Zoona zake n'zakuti panali miyezi imene sindinalankhule Chichewa ndi munthu maso ndi maso. Kunali gulu la Amalawi lomwe linkakumana pamapemphero kamodzikamodzi, koma ambiri anali mabwana a m'mabungwe, obwera pa galimoto zawo. Ankandipatsa moni mwaulemu, "Muli bwanji achemwali," kenako n'kutembenukira kwa anzawo kukakamba za sukulu za ana ndi maulendo a pandege. Azakhali atachoka ndinasiya kupitako. Nthawi zina ndinkadzipeza ndikulankhula ndekha Chichewa pochapa, kuti ndingomva mmene chimamvekera.

M'chaka chachiwiri anayamba kutitumiza kukayenda ndi ambulansi zenizeni. Wodwala woyamba kundifera m'manja anali bambo woyendetsa boda boda, ngati akabaza a njinga zamoto kwathu kuno. Anagundidwa ndi lole masana dzuwa likuswa mtengo. Tinamutola ali moyo, akutchula dzina la mkazi wake. Koma pa msewu wa Jogoo magalimoto anali atathithikana. Dalaivala wathu analiza belu la ambulansi mpaka makutu kuwawa, koma panalibe poti wina apatukire. Ndinafinya bala la pantchafu ndi manja onse awiri, magazi akudutsa m'mbali mwa magolovesi, ndikuyang'ana pawindo mayi wina akugulitsa nthochi pakati pa magalimoto osadziwa kanthu. Pofika pachipatala n'kuti munthu atazizira kale milomo.

Ndinakhala pa sitepe ya ambulansi osatha kuvula magolovesi. A Mwangi, omwe anabwera kudzationa tsiku limenelo, anaima patsogolo panga.

"Unachita zonse zimene ndinakuphunzitsa?"

"Eya."

"Ndiye dzuka ukatsuke galimoto. Pali wina akudikira."

Ndinawada tsiku limenelo. Pambuyo pake ndinadzaona kuti ntchitoyi imayenda choncho.

Madzulo ake ndinaimba foni kumudzi. Ndinkafuna kumva mawu a abambo, ngakhale moni wokha. Amayi anati apita kukakhoma denga kutsidya. Sabata yotsatira anati ali kumaliro. Kenako anati foni ikuvuta, ndizingotumiza uthenga wa mawu. Ndinkatumiza, amayi n'kuyankha okha kuti, "Abambo ako amva, akuti ulimbikire sukulu." Poti abambo sankakonda foni chiyambire, sindinaganize zambiri. Chimene chinasintha n'chakuti amayi, omwe kale ankandiuza kuti ndisavutike n'kutumiza, anayamba kupempha. Mwezi uno feteleza, mwezi winawo denga likudontha. Ndinkadandaulira Wanjiru kuti kumudzi akuyesa ku Nairobi ndalama zimatoledwa pansi. Ndinkatumiza ndithu, koma mokwiya, masiku ena ndikugonera tiyi ndi mandazi.

Nditamaliza mayeso, kampani ina ya ma ambulansi komwe ndinkaphunzirira ntchito inati ikhoza kundilemba limodzi ndi Wanjiru. Ndinakana. Ndinawauza kuti kwathu misewu ikupha anthu ndipo palibe owatola mwaluso, ndikupita kukagwira kumeneko. Wanjiru anandiperekeza pokwerera basi akupukusa mutu.

Sindinauze aliyense tsiku lofika. Ndinatsika pa siteji yathu chakumasana, n'kukwera kabaza mpaka pakhomo. Chinthu choyamba kuchiona chinali shedi ya abambo. Benchi yopalira matabwa panalibe, m'malo mwake munali nkhuku. Pachingwe panali nsalu zambiri zong'ambidwa timagawo, zoyanikidwa. Nsalu zotero ndinkazidziwa ntchito yake. Ndipo nditayandikira khomo ndinamva fungo lomwe ndinalizolowera ku Runda.

Abambo anali gone pamphasa pabalaza, atatsamira mapilo. Pakamwa panali patakhotera kumanja, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa ngati phiko la nkhuku. Anali ataonda moti mawondo ankaoneka aakulu kuposa ntchafu. Atandiona anayesa kunditchula dzina, koma kunangotuluka phokoso, ndi malovu. Diso limodzi linatulutsa misozi.

Amayi analowa ndi ndowa ya madzi, n'kuiika pansi pang'onopang'ono.

"Zinachitika liti?" ndinafunsa ndisanawapatse n'komwe moni.

"Chaka chatha, nthawi yokolola."

"Munapita nawo kuchipatala nthawi yanji?"

Anandifotokozera atakhala pansi, akuyang'ana kumbali. Abambo anagwa m'mawa akupala thabwa. Anthu anayesa kuti ndi chizungulire, anawagoneka pamthunzi n'kuwamwetsa madzi a shuga. Ena anati awalodza, n'kuyamba kukambirana za kwa sing'anga. Madzulo ataona kuti sakulankhula, anaimbira kuchipatala chaching'ono, komwe anayankha kuti ambulansi ilibe mafuta. Anawanyamula m'mawa mwake pa ngolo ya aneba mpaka kumsewu.

Ndinamvetsera ndikuwerenga m'mutu zonse zimene zinalakwika. Inali sitiroko, matenda ofa ziwalo. Imafuna kuthamangira kuchipatala, ndipo munthu wotero sapatsidwa chakumwa. Izi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Pa tsiku limenelo mwina ndinali mu ambulansi ku Nairobi ndikuthamangitsira kuchipatala bambo wa munthu wina.

"Bwanji simunandiuze, Amayi?"

"Ukanatani? Ukanasiya sukulu n'kubwera kudzalira nafe? Azakhali ako anati tisakusokoneze. Abambo akonso, titawafunsa ngati tikuuze, anakana ndi mutu."

"Ndiye feteleza uja?"

"Anali mankhwala a BP, ndi matewera. Ndalama ikatha ndimagwiritsa nsaluzo."

Nditawatembenuza abambo ndinapeza chilonda kumunsi kwa msana, chachikulu ngati chikhatho changa. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa shedi kuti asandimve.

Miyezi yotsatira ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinatsuka chilondacho tsiku ndi tsiku mpaka chinayamba kuuma. Ndinkawatembenuza, kuwaongola dzanja ndi mwendo, kuwadyetsa phala atakhala tsonga kuti asatsamwe. Anthu a m'mudzi anayamba kunditcha adokotala, kumabwera ndi ana otentha thupi ndi mabala a khasu. Ndinkawathandiza ndi zochepa zimene ndinabwera nazo mpaka magolovesi ndi mabandeji anatha, kenako ndinkangowauza kuti apite kuchipatala, iwo n'kumachoka okhumudwa.

Ntchito ndinaifunafuna. Ndinavala bwino n'kupita kuchipatala china chachikulu ndi satifiketi yanga. Bambo wa mu ofesi anaitembenuza uku ndi uku mwaulemu ndithu.

"Maphunziro abwino awa, chemwali. Koma malo a ntchito imeneyi ife tilibe. Ambulansi yathu imapita ndi dalaivala, namwino akapezeka amakwera nawo. Mwina muyesere ku Lilongwe."

Ku Lilongwe anandiuza kuti mapepala akunja ayenera kuyamba aunikidwa, ndidikire. Kwina anati ndizibwera kudzathandiza mongodzipereka, osalipidwa. Ndalama zimene ndinasunga zinatha mwakachetechete. Matewera tinasiya kugula. Mwezi wina mankhwala a BP anasowa kuchipatala, ndipo tinalibe yogulira kusitolo. Abambo anakhala masiku angapo osamwa, ine ndikuwayeza ndi kamakina kanga, ndikuona nambala ikukwera, wopanda chochita.

Ndi sabata imeneyo pamene Wanjiru anatumiza uthenga wa mawu. Anati mnzawo wina wasiya ntchito, malo alipo, koma sadikira nthawi yaitali. Ndinaumvera ndili kuseri kwa nyumba, osadziwa kuti amayi ali pafupi akuyanika nsalu. Chingerezi samva, koma anamva dzina la Nairobi, ndipo anaona nkhope yanga.

"Akukuitana?"

"Eya. Koma sindipita. Abambo ndiwasiyira ndani?"

Amayi anamaliza kuyanika nsalu imene inali m'manja, n'kupukuta manja pachitenje.

"Tadala, usandimve molakwa. Chilonda chija wachiritsa, ndaona. Kuwatembenuza kuja ndaphunzira, kuwadyetsa atakhala tsonga ndaphunziranso. Ntchito imeneyi ndinaigwira ndekha usanabwere, ndipo ndiigwira. Chimene ine sindingathe ndi kupeza ndalama ya mankhwala. Pamene unali kuja abambo ako sanadumphepo tsiku osamwa."

Sanakweze mawu, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Anatola ndowa n'kulowa m'nyumba.

Ndinatsala nditaima pakati pa nsalu zonyowazo. Zaka zonse za ku Buruburu ndinkadzilimbitsa mtima kuti kwathu akundidikira, kuti tsiku lina ndidzafika ndi manja odziwa ntchito ndipo adzapuma. Koma pakhomo pano munthu wothandiza kwambiri anali Tadala wa pa foni uja, wokwiya, wogonera mandazi. Amene anabwera ndi satifiketi anangowonjezera pakamwa podyetsa.

Ndikulemba izi chikwama chili pakhomo. Wanjiru ndamuyankha kuti andisungire malo pa matilesi. Dzulo ndinagwada pafupi ndi abambo n'kuwauza kuti ndikubwerera ku Nairobi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, lomwe likadali ndi mphamvu za kalipentala. Anafinya mpaka kuwawa. Sindikudziwa ngati ankanditsanzika kapena ankandiletsa, ndipo sindinawafunse.