Mbalame Yoyamwa Mbuzi

Ku koleji ya aphunzitsi, mzungu amene ankatiphunzitsa Chingerezi anatiuza kuti lumbe kwawo amamutcha goatsucker, kutanthauza woyamwa mbuzi. Akuti makolo awo ankaona mbalameyi ikuzungulira khola madzulo, kukamwa kuli yasa, ndiye anati imayamwa mbuzi mpaka mkaka kuphwa. Ndinagwira pakamwa. Azungu omwewa, otiseka ife tikamaopa kadzidzi?

Kwathu ku Lobi ndinafotokozera amayi nkhaniyi kuti aseke. Sanaseke.

Nditabereka mwana wanga woyamba, ndinkaopa chilichonse: chifuwa, liwombo, mphepo ya m'mapiri. Mwanayo ankalira dzuwa likamalowa, ine nkumati mkaka wanga sukumukwanira. Tsiku lina amayi anaona lumbe atatera panjira, kuseri kwa nyumba.

"Si uja unkanena uja? Mbuzi zathu zilibe ana chaka chino. Ndiye wabwera kudzayamwa yani?"

"Amayi, ndi nthano chabe ija."

"Nthano? Azungu angapatse mbalame dzina popanda kuona kanthu?"

Ndinawaseka, koma mawuwo anandilowa. Ine wa satifiketi ndinatenga nsalu ya chipani, poti ndiyo inali yolimba, nkudzimanga nayo pachifuwa kuti ndi! Poyamba ndinkamanga pogona pokha, kenaka ndi masana omwe. Kumasula kunali ntchito, choncho mwana akalira ndinkayamba ndamupatsa timadzi ta shuga. Mkaka unachepadi. Amayi nkumati, "Waona?" Ine nkumangitsa.

Kusikelo ku mishoni, asisiteri anamuyeza mwana, nkundiyang'ana. Mwanayo anali atatsika sikelo. Anandilowetsa m'kachipinda nkundiuza kuti ndivule bulauzi.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka dzina la Chingerezi lija.

"Mayo ine! Kumanga chonchi timamanga mayi amene mwana wake wamwalira, kuti mkaka uphwe. Inu wanu ali moyo, ali apayu!"

Masiku onsewo ndinali nditavala ngati namfedwa, mwana ali kumsana.

Anamasula okha. Nsaluyo inali itanyowa, ikununkha mkaka wosasa, koma anaipinda bwinobwino, nkhope ya mtsogoleri wa chipani ili pamwamba, poti masiku amenewo nsalu yotero sunkaiponya pansi. Anandikhazika pabenchi nati ndisachoke mpaka mwana atayamwa mbali zonse. Zinapweteka. Ndinalira kuposa iye.

Kunyumba ndinkamuyamwitsa akangoti nyee. Mkaka unabwerera pang'onopang'ono, masaya nkuyamba kudzaza. Amayi anati n'chifukwa choti mbuzi yathu ina inali itaswa, lumbe wapeza kwina. Sindinawatsutse. Koma madzulo ena anabweretsanso nsalu ija, kuti ndimange pang'ono pokha, mwina lumbe angabwerere.

Ndinailandira ndi manja awiri, nkuberekera mwana.